KHUNGU LA PA NKHOPE NDI KHUNGU LA M'MASO

Ife a kuno ku Mwanza tikhala pa khomo la dziko. Katundu wocokera ku Joni, ku Harare ndi ku Tete, asanaoneke m'masitolo a ku Blantyre, ayamba wapuma pa cipata cathu. Ndipo mabasi amene atenga ana athu kunka nao ku Johannesburg, kudzera ku Zobue, ndi omwewo abwera nao ali ndi zikwama zodzala. Zambiri za m'zikwamazo nzabwino, ndipo sitizidandaula. Koma wogona pafupi ndi citseko ndiye ayamba kulumidwa njoka ikalowa m'nyumba, cifukwa cace kuyenera ife kuyang'anitsa colowa. Lero tifuna kunena za cinthu cimene ambiri a ife akulu sitinacidziwe, koma ana athu aciona tsiku ndi tsiku pa mafoni ao: ndico jekeseni wobaya pa nkhope, wakuti afafanize makwinya, atupitse milomo, nadzaze masaya.

Mau athu ndi awa, ndipo tiwanena poyera. Munthu asapereke nkhope yace, kapena ciwalo cina ca thupi lace, kwa wobaya amene sali dotolo wolembedwa m'buku la boma. Ndipo iye amene atenga singano nabaya mnzace m'nyumba yokonzera tsitsi, kapena kuseri kwa sitolo, acita coipa cacikuru, angakhale acicita ndi nkhope yosekerera ndi mau okoma.

Sitinena izi monga anthu oopa mthunzi, pakuti njira imeneyi tinaiona kale. Akulu akumbukira umo mafuta oyeretsa khungu anafikira m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, pamene dzina la Ambi linali pakamwa pa anamwali a m'maiko a kuno kumwera. Anafika monga cinthu ca anthu otsogola, ndipo woletsa anayesedwa wotsalira. Koma m'caka ca 1975 dotolo wa nthenda za khungu wa ku Pretoria, dzina lace G. H. Findlay, pamodzi ndi anzace, analemba za akazi amene nkhope zao zinada bii ndi kucita mawanga okhakhala, cifukwa ca kudzola zaka zambiri mafuta okhala ndi hydroquinone. Mankhwala omwe anawayeretsa poyamba ndiwo anawadetsa potsiriza. Boma la South Africa linaletsa hydroquinone m'mafuta odzola m'caka ca 1990, ndipo la Côte d'Ivoire linaletsa mafuta oyeretsa m'caka ca 2015. Koma lamulo silinathe kusecha zikwama zonse, ndipo mafuta otere akali kuyenda, ena okhala ndi mercury woononga impso, ena okhala ndi mankhwala opyapyalitsa khungu kufikira licita ming'alu. Ndani wa ife sanaone pa msika mai wa nkhope yofiirira, koma mfundo za zala zace ziri zakuda? Komatu mafuta aja anali ongodzola kunja, ndipo munthu akaona coipa akhoza kuleka. Cimene cirinkudza tsopano cilowa m'kati mwa mnofu, kumene sopo safika.

Tiyeni tiyambe taciona cinthuco, pakuti sitifuna kutsutsa cimene sitinacidziwe. Mankhwala ochuka koposa a jekeseni ameneyu achedwa hyaluronic acid. Si acilendo m'thupi la munthu: ali m'khungu lathu, m'madzi a m'diso, ndi m'madzi oterera a m'mabondo. Nchito yao ndiyo kugwira madzi, ndipo ngonanda monga thelele. Munthu wolemera makilogalamu 70 ali nao okwana ngati magalamu 15, ndipo limodzi la magawo atatu a amenewa thupi liliononga ndi kulipanganso tsiku liri lonse. Anayamba kuwapatula ndiwo Karl Meyer ndi John Palmer, ku New York, m'caka ca 1934, powatenga m'diso la ng'ombe. Pambuyo pace Endre Balazs, mbadwa ya ku Hungary, anapeza njira yowayeretsa kucokera ku kamnofu kofiira ka pamutu pa tambala, ndipo kuyambira ca m'ma 1980 madotolo a maso m'maiko ambiri anagwira nao nchito pochinjiriza diso, pamene alikucotsa ng'ala. Cotero sitinena kuti cinthu ici ncotembereredwa, iai. Cathandiza nkhalamba zambiri kuonanso zidzukulu zao. Za kudzaza nao nkhope zinadza pambuyo: Restylane, wopangidwa ku Uppsala m'dziko la Sweden, anayamba kugulitsidwa ku Ulaya m'caka ca 1996, naloledwa ku America m'caka ca 2003.

Tsono cherani khutu ku mapangidwe ace, pakuti mlandu wathu wonse wagona pamenepo. Masiku ano ambiri sawatenganso kwa tambala, koma aweta tizirombo ta mtundu wa Streptococcus m'mbiya zazikuru zacitsulo, natidyetsa shuga, ndipo tizirombo timeneti titulutsa mankhwalawo. Nchito yoyamba yobvuta ndiyo kucotsa tizirombo tonse, ndi zotsala zao, ndi ululu wao. Pakuti kukatsala kadontho ka zimenezi, mnofu wa munthu udzatupa ndi kutentha. Atatero apeza bvuto lina: mankhwala amenewa, akabayidwa monga ali, thupi liwadya m'tsiku limodzi kapena awiri. Cifukwa cace awamanga ulusi ndi ulusi ndi mankhwala ena ochedwa BDDE. Bango lomwazika pabwalo mvula ilikokolola, koma losokedwa ndi cingwe likhala mphasa yolimba. Momwemo ulusi womangidwawo usanduka phala logwirana, lokhoza kukhala m'mnofu miyezi 6, kapena caka, kapena miyezi 18. Koma BDDE amene sanamangike ali woopsa kwa munthu, ndipo ayenera kumtsuka kufikira atsala wosafika magawo 2 mwa magawo 1,000,000. Pamenepo asakaniza phalalo ndi madzi a mcere woyesedwa bwino kuti alingane ndi madzi a m'thupi, nalisefa kuti likhoze kupyola singano yaing'ono, nalitsekera m'timabotolo tobayira, naliphika ndi nthunzi yotentha kuposa madzi owira. Kabotolo kamodzi kakhala ka mililita imodzi, ndilo limodzi la magawo asanu a supuni ya tiyi. Ndipo m'menemo mankhwala eni eni ndi mamiligalamu 20 kapena 24 okha, kwina konse ndi madzi. Kabotolo kali konse kali ndi nambala yace ndi tsiku lakutha mphamvu, kuti pakagwa tsoka adziwe kumene kanacokera.

Taonani nchito yonseyi, ndi anthu ophunzira amene aiyang'anira, ndi makina ace a mtengo wapatali! Ncifukwa cace ku America kabotolo kamodzi kagulidwa ndi madola mazana angapo. Nanga tsono wina akadza kwa inu ndi botolo lopanda dzina, nati, Ndi yemweyo, koma ine ndichipitsa cifukwa ndinu mlongo wanga, mudzayesa ciani? Kapena wanama, ndipo m'botolomo muli cina. Kapena wanena zoona, ndipo ndi katundu wakuba, kapena wakutha masiku, amene wayenda pa dzuwa la ku Tete m'cikwama ca pansi pa basi. Njira yacitatu ife sitiiona. Akulu anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma tiyeni tiyese kuti botololo ndi loona, losindikizidwa bwino, losatha masiku. Kodi coopsa catha? Iai ndithu, pakuti coopsa cacikuru ciri m'dzanja la wobayayo. Pansi pa khungu la nkhope pali mitsempha yambiri ya mwazi, yopyapyala ngati ulusi, ndipo siyenda mofanana mwa anthu onse. Singano ikalowa mu mtsempha, phala lija litseka njira ya mwazi monga dothi litseka ngalande ya m'dimba. Khungu la pamenepo liyamba kutuwa, kenaka licita mawanga akuda, ndipo likapanda kulanditsidwa msanga lifa ndi kubvunda, nilisiya cipsera pa mphuno kapena pa mlomo. Coposa apo, mitsempha ya pakati pa nsidze, ya pa mphuno ndi ya pa mphumi ilumikizana ndi mtsempha wodyetsa diso. Wobaya akakankha ndi mphamvu, phala libwerera m'mbuyo mu mtsemphamo, nilikatseka mwazi wa m'diso, ndipo munthu agwa mu mdima ali cikhalire pa mpando. Izi si nthano. M'caka ca 2015 bungwe la boma la America loyang'anira mankhwala, la FDA, linacenjeza poyera za tsoka limeneli. Ndipo caka comweco madotolo anasonkhanitsa mbiri za anthu 98 amene maso ao anaonongeka ndi majekeseni odzaza nkhope a mitundu mitundu, naonjezapo ena 48 m'caka ca 2019. Ambiri a iwo sanaonenso ndi diso lomwelo. Amenewa ndi okhawo analembedwa m'mabuku a madotolo. Obayidwa kuseri kwa sitolo alibe wowawerenga. M'cinenero cathu mau amodzi achula cikopa ca munthu ndi kusaona komwe, ndipo pa nkhani iyi ziwirizi zayandikana koopsa: wofuna khungu losalala akhoza kubwera nalo khungu la m'maso.

Dotolo weni weni adziwa zimenezi, ndipo sabaya wopanda mankhwala ena pambali pace, ochedwa hyaluronidase, amene asungunula phalalo likalowa polakwika. Angakhale atero, kawiri kawiri diso sakhoza kulibweza. Tsono lingalirani za kwathu kuno. Madotolo aphunzitsa kuti kansalu ka m'kati mwa diso, kamene tionera, sikapirira kusowa mwazi koposa ora limodzi ndi theka, ndipo ena ati nthawiyo njocepa kuposa pamenepo. Kucokera pa boma la Mwanza kufika ku cipatala ca maso ca Lions, ku Queen Elizabeth ku Blantyre, pali makilomita ngati 100. Nanga wa ku Thambani kapena ku Kunenekude? Afune galimoto, akambirane mtengo, ayende msewu wa pfumbi kufika pa tala. Asanaoloke Shire pa Zalewa, diso lapita. Wobaya uja pamenepo ali kuti? Wamanga cikwama cace, waoloka malire, ndipo foni yace siyankha.

Ndipo tisaiwale zoopsa zina. Ogulitsa mwakuba ena adzaza mabotolo ao ndi mafuta a silicone, kapena mafuta ena osayenera kulowa m'thupi, makamaka pamene alonjeza kukulitsa mbuyo kapena mabere, kumene kufuna mankhwala ambiri. Zimenezi palibe cozisungunula; ziyenda m'mnofu, nizicita zibulumwa zolimba ndi zithupsa za mafinya patapita miyezi kapena zaka, ndipo zikalowa m'mwazi zifika ku mapapo ndi kupha munthu. A FDA anacenjeza za silicone wotere m'caka ca 2017. Ndipo m'caka ca 2021 anacenjezanso za timakina tonga colembera, togulitsidwa pa intaneti, timene tilasa mankhwala m'khungu popanda singano, pakuti nato tabvulaza anthu. Kuonjeza apo, singano yobaya anthu awiri itenga mwazi wa woyamba kuupereka kwa waciwiri, pamodzi ndi HIV ndi nthenda ya ciwindi ya hepatitis B. Kodi maliro amene tinaika kuyambira caka ca 1985, pamene nthenda ya Edzi inapezeka m'dziko muno, sanatiphunzitse kuopa singano yosadziwika?

Tidziwa zimene ena adzatiyankha, ndipo sitizithawa. Wina adzati, Mankhwalawa ali kale m'thupi, adzandipweteka bwanji? Tiyankha kuti mwazi nao uli m'thupi, koma ukaundana mu mtsempha upha mwini wace. Cimene ciri m'khungu mwanu ncosungunuka, ndipo thupi licikonza lokha; ca m'botolo ncomangidwa dala kuti cisasungunuke msanga. Mphamvu yomweyo imene icikhalitsa m'tsaya ndiyo icikhalitsa mu mtsempha.

Wina adzati, Makolo athu nao anatema mphini, naboola milomo. Bwanji muletsa ife? Nzoona zimenezo. Pamene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire m'caka ca 1859, anapeza akazi a Cimang'anja atabvala pelele pa mlomo wa m'mwamba, ndipo iwo anaciyesa cokongola ndithu. Alendo anaciseka, nacicha ca anthu osazindikira. Lero zidzukulu za alendo omwewo zitupitsa milomo ndi singano, ndipo ife ticicha citukuko. Phunziro lace ndi ili, kuti cokongola ca mbadwo uno cikhala coseketsa ca mbadwo winawo. Ndipo ngakhale tsopano, kumene mwambowu unayambira, ena abwerera kwa madotolo kuti awasungunulire zimene analipira dzana. Komanso wotema mphini anali mai wa m'mudzi momwemo, wodziwika dzina ndi mbumba yace, ndipo akabvulaza mwana wa mwini anayankha mlandu pa bwalo la mfumu. Angakhale zinatero, lumo limodzi lotema anthu ambiri tinaphunzira kuliopa. Nanga tileke lumo la agogo athu owadziwa, kuti tilandire singano ya munthu amene sitidziwa kwao?

Winanso adzati, Thupi ndi langa, ndi ndalama ndi zanga. Sitikana, munthu wamkulu ali ndi ufulu, ndipo akafuna kunka kwa dotolo wobvomerezeka, atamva zoopsa zonse, ife sitidzamgwira dzanja. Tidziwanso kuti alipo ena amene nkhope zao zinaphwa ndi nthenda, kapena zinacita zipsera za ngozi, ndipo madotolo awathandiza ndi majekeseni odzaza, amenewo tisawaweruze. Koma tifunsa, kodi diso likafa, adzamtsogolera ku cigayo ndani? Si amace ndi ana ace kodi? Mtembo wa munthu mmodzi unyamulidwa ndi mudzi wonse, ndipo cilema ca munthu mmodzi cigwera mbumba yonse. Za ndalama, werengani nokha. Mlimi wa kuno akabzala mtengo wa nachesi audikira zaka zingapo, koma ukayamba kubala umdyetsa caka ndi caka, nuphunzitsa ana ace. Jekeseni uyu ali mtengo wobala cammbuyo: thupi limdya pang'ono pang'ono, ndipo caka cikatha makwinya abwerera, nafuna ndalama zina. Wogulitsa adziwa bwino kuti wobayidwa kamodzi adzabweranso.

Tsopano tiloleni titembenukire kwa ife eni, pakuti nkwapafupi kudzudzula anamwali, koma muzu wa cinthu ici suli mwa iwo okha. Ndani anauza mwana wamkazi kuti nkhope yace njoperewera? Si ife kodi, amene tichula mwana wina wakuda ngati makala, ndi kutama mnzace woyera pamaso pace? Si inu abambo kodi, amene mai wa ana anu asanu, walima ndi kusenza madzi zaka makumi awiri, mumuuza kuti wakalamba, nimuonetsa cithunzi ca pa foni? Ndipo zithunzi zimenezo zambiri nzosalazidwa ndi makina, kotero kuti mwini wace akadziyang'ana m'kalirole sadzipeza momwemo. Tiri kupikisana ndi nkhope zimene palibe munthu anabadwa nazo. Kale makwinya ndi imvi zinapatsa munthu mpando patsogolo. Tikazisandutsa camanyazi, tadzikonzera tokha ukalamba wopanda ulemu, pakuti tonse tirinkupita komweko. Nkhope imene Mlengi anaiumba, ndi zaka zinaisema, siifuna kupepesedwa.

Cotero tipempha zinthu izi. Inu ofuna kubayidwa, yambani mwafunsa, pakuti safunsa anadya phula. Funsani ngati wobayayo ali wolembedwa ku Medical Council of Malawi, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la caka ca 1987, ndipo akuonetseni cikalata cace. Funsani kuona bokosi lisanatsegulidwe, dzina lace, nambala yace ndi tsiku lace. Funsani ngati mankhwala osungunula ali naye pomwepo, ndi cimene adzacita khungu likatuwa. Akakwiya ndi mafunso anu, nyamukani. Mkwiyo wace ndiwo yankho.

Inu amene mwabayidwa kale, musabise. Mukaona kuwawa kwakukuru, kapena khungu lirikutuwa kapena kuda, kapena maso acita nkhungu, kapena potupa patentha ndi thupi lomwe, thamangirani ku cipatala ca boma ca Mwanza, kapena ciri conse ca pafupi, nthawi yomweyo, angakhale pakati pa usiku. Tengani botolo ndi bokosi lace, nimunene zoona kwa dotolo. Musayambe mwathowa ndi madzi otentha, musafinye, musadikire kuce. Zengerezu analinda kwaukwau. Ndipo inu amai ndi apongozi, wotereyu akadza kwa inu, mperekezeni msanga. Zomdzudzula zidikire acire.

Inu alangizi, amene muphunzitsa anamwali, ikani nkhani iyi pa mphasa yanu, nimuinene ndi cidziwitso, si ndi mwano. Inu mafumu ndi anyakwawa, munthu akafika m'mudzi mwanu ndi singano, mfunseni makalata ace monga mufunsa wogula fodya za sikelo yace. Akasowa, dziwitsani apolisi ndi akulu a cipatala. Lilipo bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la caka ca 2019, limene nchito yace ndiyo kuyang'anira mankhwala olowa ndi ogulitsidwa m'dziko muno. Koma anthu ace sakhoza kukhala pa msika uli wonse, ndipo maso ao ndi ife. Inu ana athu a pa ulendo wa ku Joni, wina akakusenzetsani timabotolo kuti mukagulitse kwanu, kumbukirani kuti wogula adzakhala mlongo wanu, kapena mwana wa mnansi amene mudzakomana naye pa citsime masiku onse a moyo wanu.

Tanena zolimba, ndipo kapena ena tawakhumudwitsa. Atikhululukire, wakutsina khutu ndi mnansi. Pa nkhani ya mafuta aja tinakhala cete kufikira nkhope zinapsa, ndipo pamenepo kunena sikunathandize. Nthawi ino tanena singano isanazolowere njira ya m'midzi mwathu. Werengerani mau awa iwo amene sadziwa kuwerenga, ndipo muwakambe madzulo ano ndi ana anu akazi, musanayambe mwawauza coopsa, muwauze kuti ngokongola.